Mmene ndinachepetsera mauthenga osafunika mu imelo yanga

Ntchito yanga ndi yokonzera alendo maulendo a pa boti, ena ku Cape Maclear kukaona mbuna pachilumba cha Thumbi, ena kutsika Shire kulowera ku Malombe. Akuno kwathu amaimba foni kapena kulemba pa WhatsApp, koma ochokera kunja ambiri amakonda imelo, ndipo mlendo ukachedwa kumuyankha amapeza wina womuyendetsa. Gmail yanga inali itadzaza ndi otsatsa nsapato, olonjeza ngongole yapompopompo, a juga ya mpira, ndi ondiuza kuti ndapambana mpikisano umene sindinalowe nawo. Uthenga wa mlendo weniweni unkasowa pakati pa zimenezi.

Kungofufuta sikuthetsa vutoli. Mufufuta lero, mawa zabweranso, chifukwa wotumizayo sadziwa kuti mwakwiya, ndipo Gmail nayo siphunzirapo kanthu. Chimene chinandithandiza ndi kusankha kaye, monga timasankhira nsomba pagombe ukonde ukatuluka. Pali mauthenga ochokera kwa anthu amene ndinawapatsa ndekha adiresi, ndipo pali a akamberembere amene anangoitola kwinakwake. Magulu awiriwa mankhwala ake ndi osiyana kotheratu.

Ndinayamba ndi gulu loyamba, pafoni pomwepo. Pamalo ofufuzira ndinalemba mawu oti unsubscribe, otanthauza kudzichotsa pamndandanda wa olandira mauthenga, ndipo panatuluka pafupifupi onse otsatsa malonda, popeza makampani enieni amaika mawu amenewa pansi pa uthenga wawo. Ambiri ndinawakumbukira: sitolo ina imene ndinafunsako mtengo wa injini ya boti, masamba osakira ntchito amene ndinalembetsako kale, ndi makalata a mabungwe okopa alendo. Aliyense ndinatsegula uthenga wake umodzi n'kudina Unsubscribe imene Gmail imaika pamwamba, pafupi ndi dzina la wotumiza. Batani lapamwambali ndi labwino kuposa linki yapansi chifukwa silikutengerani ku tsamba lina lokudyerani bandulo. Kuyambira mu 2024, Google ndi Yahoo amalamula kuti amene amatumiza mauthenga ochuluka, opitirira 5,000 patsiku kwa ogwiritsa Gmail, azilola munthu kudzichotsa pongodina kamodzi, ndipo azimuchotsa pasanathe masiku awiri. Ndinaona kuti makampani akuluakulu amatsatiradi. Mu 2025 Gmail inawonjezeranso malo otchedwa Manage subscriptions, pamene onsewa amaoneka pamndandanda umodzi, kuyambira ndi amene amakutumizirani pafupipafupi. Ngati foni yanu ili nawo, yambirani pamenepo.

Za Facebook zokuuzani kuti wakutiwakuti wayankha chithunzi chanu zimazimitsidwa mkati mwa Facebook momwemo, pa Notifications. Sizinanditengere nthawi.

Gulu lachiwiri ndi limene limafuna maso. Akamberembere nawonso amaika mawu oti unsubscribe pansi pa uthenga, koma mukadina mwawauza kuti adiresiyi ili ndi mwini wake ndipo amawerenga. Zikatero amachulukitsa, mwinanso kugulitsa adiresi yanu kwa anzawo. Kuwayankha kuti asiye, ngakhale mowakalipira, zotsatira zake ndi zomwezo. Awa sindiwayankha, sindidina chilichonse mkati, sinditsegula zimene amamatapo. Ndimadina timadontho titatu tapamwamba n'kusankha Report spam. Kumeneku ndiye kusiyana ndi kufufuta: Gmail imaphunzira kuti mauthenga a mtundu umenewu ndi zinyalala, n'kuyamba kuwatchinga isanawafikitse kwa inu ngakhalenso kwa anthu ena.

Kuwazindikira n'kosavuta mukazolowera. Dzina looneka pamwamba aliyense angalembe limene akufuna, ngakhale la banki yanu. Dinani dzinalo muone adiresi yeniyeni kuseri kwake, makamaka zimene zili kumanja kwa chizindikiro cha @. Banki yeniyeni silemba kuchokera ku adiresi ya zilembo ndi manambala osokonekera, ndipo sikupemphani pasiwedi kapena PIN pa imelo. Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi mauthenga a ntchito zabodza. Achinyamata ambiri kuno ku Mangochi akusaka ntchito, ndiye wina amawalembera kuti asankhidwa ku bungwe lakuti, angotumiza kaye ndalama ya fomu kapena ya kuchipatala pa Airtel Money kapena Mpamba. Wolemba ntchito weniweni sakulipiritsani kuti akulembeni. Ifenso a maboti tili ndi athu: munthu amadzitcha mlendo, n'kunena kuti watumiza ndalama zopitirira mtengo mwangozi, mumubwezere zapamwambazo. Mukakayang'ana ku akaunti mupeza palibe chimene chalowa.

Block, njira yotsekera adiresi ya wotumiza, ndinaigwiritsa ntchito pa anthu ochepa okha, amene amalemba ndi adiresi imodzimodzi nthawi zonse. Kwa akamberembere siithandiza kwenikweni, popeza amasintha adiresi tsiku ndi tsiku. Ndinasinthanso mu Settings, pa Images, kuti zithunzi za mu uthenga zisamatseguke zokha mpaka nditalola. Otumiza ena amabisa kachithunzi kosaoneka ndi maso kowadziwitsa kuti mwatsegula uthenga, ndiye mukazimitsa zimenezi mwawatseka maso, komanso bandulo imakhalitsa.

Kenako inatsala milu yakale. Google imapereka malo aulere osungira zinthu okwana 15 GB, koma malowa amagawana Gmail, Google Drive ndi Google Photos, ndipo akadzaza imelo zatsopano zimasiya kulowa. Wokulemberaniyo amabwezeredwa uthenga wake, inu osadziwa kuti winawake anakufunani. Pafoni kufufuta zambiri nthawi imodzi n'kotopetsa, choncho ndinapita pamalo ena osindikizira mapepala pa boma pomwe ali ndi kompyuta ya intaneti. Pofufuzira ndinalemba category:promotions older_than:1y, zimene zimatulutsa zotsatsa malonda zonse zopitirira chaka. Ndinachonga kabokosi kapamwamba, n'kudinanso mawu amene amatuluka ofunsa ngati ndikufuna kusankha zonse osati za patsamba limodzi lokha, n'kufufuta. Ndinalembanso larger:10M kuti ndione mauthenga olemera, koma awa ndinayang'ana limodzilimodzi chifukwa ena anali zithunzi zimene alendo ananditumizira atabwerera kwawo. Zofufutidwa zimakhala mu Trash masiku 30 zikudyabe malo, ndiye ndinakhuthula pomwepo.

Pa kompyuta pomwepo ndi pamene ndinapanga ma filter, popeza pulogalamu ya pafoni ilibe popangira. Mumatsegula uthenga, kudina timadontho titatu, kusankha Filter messages like this, n'kuiuza Gmail chochita ndi mauthenga otere. Makalata amene ndimafuna kuwerenga ndikapeza mpata ndinawauza kuti azidumpha Inbox n'kukakhala pamalo awoawo. Kwa malo ogona alendo amene amanditumizira makasitomala ndinachonga Never send it to Spam, kuti mauthenga awo asamaponyedwe mu Spam, malo amene Gmail imaika zinyalala. Mnyamata wa pamalopo anandikumbutsa ndikudzuka: "Achimwene, tulukani kaye mu akaunti, pano pamakhala anthu ambiri." Ananena zoona, ndipo inunso mukagwiritsa kompyuta ya anthu onse musalole kuti isunge pasiwedi yanu.

Kutchinga kuli ndi kuipa kwake. Nthawi zina Gmail imaponya mu Spam uthenga wabwino, makamaka wa munthu amene akukulemberani koyamba, ndipo alendo anga onse amalemba koyamba. Za mu Spam zimafufutika zokha pakatha masiku 30. Choncho kumapeto kwa sabata iliyonse ndimasuzumiramo, kuyang'ana mayina ndi mitu yokha, ndipo ndikapeza weniweni ndimadina Not spam n'kumuika pa Contacts.

Kuti zisayambirenso, ndinatsegula adiresi yachiwiri ya zolembetsa pa intaneti, mipikisano ndi mafomu a pamisonkhano, yoyambayo n'kuisiya ya ntchito ndi abale. Gmail ilinso ndi njira ina imene ambiri saidziwa. Mukawonjezera + ndi mawu ena pa dzina lanu musanafike pa @, uthenga umafikabe kwa inu. Mukalembetsa ku sitolo ndi dzina lanu lowonjezera +sitolo, tsiku limene zinyalala zidzabwere pa adiresi imeneyo mudzadziwa kumene inatulukira, ndipo filter imodzi ikwanira kuzitseka zonse. Masamba ena amakana chizindikiro cha +, ndiye pamenepo ndimapereka yachiwiri ija. Ndinayang'ananso adiresi yanga pa Have I Been Pwned, tsamba limene Troy Hunt wa ku Australia anayambitsa mu 2013, limene limaonetsa ngati adiresi ili m'gulu la zimene zinabedwa ku makampani. Yanu ikapezekamo, sinthani pasiwedi ndipo muyatse 2-Step Verification kuti wolowa azifunikanso foni yanu.

Bowo lomaliza linali pakati pathu tokha. Mlembi wa gulu lathu la a maboti ankaitanira msonkhano poika maadiresi athu onse poyera, ndipo uthengawo ukatumizidwa kwina, maadiresiwo amapita nawo kwa anthu osawadziwa. Ndinakamuona ndi foni m'manja. "Bambo mlembi, mukamatilembera tonse muziika maadiresi apa polembedwa Bcc, aliyense azilandira osaona a anzake." Anayesa pomwepo potumiza kwa ine ndi kwa msungichuma, ndipo kwanga kunafika ndi dzina langa lokha.