Nkhani yanga inatuluka ndi vitumbuwa

Anthu akandifunsa ntchito ndimangoti ndili pakhomo, ngati kuti pakhomopo munthu amangokhala. Ana atatu, wamng'ono akadali kubere, mbale, zochapa, madzi okatunga. Koma ndili ndi kanthenda kanga: kulemba. Chiyambireni ndili pasukulu ku Katete sindinasiye. Kuno ku Mtendere ndinkalemba usiku ana akagona, m'kope lachikuto chakuda limene ndinkabisa pansi pa thumba la ufa. Ndi malo okhawo amene atate ake Dalitso sangafikeko ngakhale nyumba itamapsa.

Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankathima pafupifupi tsiku lonse. Anzanga ankadandaula, ine ndiye ndinali pa zokolola. Pa kandulo ndinalemba nkhani ya Nachisale, mayi wotopa ndi mwamuna wolowa m'bala Lachisanu n'kutulukamo Lamlungu. Kuti ikome, ndinailemba ngati akusimba mwini wake: ine, mwamuna wanga, ine, mwamuna wanga.

Mwambo wa Kulamba utatha ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, apongozi anakwera basi kudzationa. Mayi aja sadziwa kukhala chabe. Tsiku lachitatu mbaula inali itayaka kale pageti, vitumbuwa K1 chimodzi. M'mawa wina ndinapita ndi mwana ku sikelo. Pobwera ndinapeza beseni lili mbee, iwo akuwerenga ndalama pachitenje, pambali pawo chikuto chakuda chili chokhachokha ngati nkhuku yosoledwa.

"Amayi, kope ili?"

"Mapepala okulungira anandithera, mwananga. Ndapeza ili pansi pa ufa. Usadandaule, ndinayang'ana bwino, linali lotha kale, lolembedwa mpaka kumapeto."

Ndinangoti kakasi. Masamba 60, miyezi inayi ya kandulo, zonse zitamwazika m'komboni muno ndi mafuta ake.

Dzuwa lisanalowe, amake Bwalya anagogoda, nkhope ngati akubwera pamaliro. M'manja muli kapepala kowala ndi mafuta, tsamba 23. Dzina la Nachisale mafuta anali atalidya, koma mzere wotsiriza unali bwinobwino, ndi dzanja langa lomwe amalidziwa ku chilimba: "Usiku uno ndimuthirira m'ndiwo mwamuna wanga, agone osadzuka"

"Amake Dalitso, banja ndi kupirira. Mukanabwera kwa ife."

Ndinafotokoza kuti chiganizocho chikupitirira pa tsamba 24: osadzuka mpaka mabala atatseka. Nachisale ankangofuna kuti bamboyo aphonye mowa usiku umodzi. Anandiyang'ana mwachisoni. Tsamba 24 lili kuti? Tinafunsa khomo ndi khomo. Mwana wina anati analiona ndi kondakitala wa minibasi ya ku City Market. Umboni wanga wonse unali utapita m'tauni.

Usikuwo atate ake Dalitso anafika msanga, chinthu chachilendo. Tsamba lawo anali atalandira kale kwa mnzawo pasiteshoni, la 19, pamene Nachisale amawerenga zolakwa za mwamuna wake mpaka khumi ndi ziwiri. Zisanu ndi zitatu, kunena zoona, zinali zawo. Anasamba m'manja, anayang'ana kapenta, anayang'ana ine.

"Amake Dalitso, yambani ndinu."

Apongozi, atamva nkhani yonse, anasuntha mbale ya mwana wawo n'kuiika pafupi ndi iwo. Lamlungu alangizi awiri a kutchalitchi anandikhazika pamphasa maola awiri. Potsazika, wamkuluyo anabwerera pakhomo n'kunong'ona kuti iye ali ndi 31 ndi 32, kodi Nachisale anathawadi ndi telala uja?

Kope latsopano ndimalibisa m'chidebe cha matewera. Amake Bwalya amandiimitsabe pampopi kufunsa mathero. Atate ake Dalitso anasiya za Lachisanu, koma mpaka lero mbamu yoyamba amadikira kuti ndimeze ine.