Za korona ija tisamanamizane

Anthu mpaka pano akumati korona inatiopa Amalawi chifukwa cha dzuwa, aaa ayi abale. Ku Italy kunafa anthu oposa 190,000, kuno owerengedwa sanafike ndi 3,000 omwe, koma taganizani kumene kuja pafupifupi munthu mmodzi pa anayi wadutsa zaka 65 pomwe kwathu kuno theka ndi ana osafika zaka 18, ndiye matendawa ankagwetsa kwambiri nkhalamba ndi odwala shuga kapena BP. Kuyezanso kunali kochepa. Kuno ku Mangochi munthu akamwalira m'mawa kumudzi pofika madzulo taika kale, anamuyeza ndani? Komatu itavuta mu Januwale 2021 inatenga nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Belekanyama, mwaiwala kale?