Amene akulipira si mwini wa zonse zimene wamva

Tsopano mtima wakhala pansi. Phunziro la malamulo a khalidwe kwa katswiri wa zamaganizo m'malo a ntchito limandizunguza mutu, chonsecho nkhani yonse yagona pa funso limodzi: ukugwirira ntchito ndani? Kampani ndi imene yakuitana ndipo ikulipira, koma amene wakhala pampando n'kumakuuza zakukhosi ndi wantchito. Za kusunga chinsinsi ndi kupempha chilolezo sindibwereza, anzanga mukuzidziwa kale.

Chimene chandimasula ndi gawo 3.11 la malamulo a American Psychological Association (bungwe la akatswiri a zamaganizo ku America), a 2002 aja amene anawakonzanso mu 2010 ndi 2017. Gawoli likuti wantchitoyo umuuziretu, asanatsegule pakamwa, cholinga cha ntchitoyo, kasitomala weniweni ndani, amene adzaone lipoti, ndi pamene chinsinsi chikuthera. Basi. Sudikira tsiku limene bwana woona za antchito (HR) adzati "tatiuzeni, mnyamata uja wanena zotani?" kuti uyambe kudziguguda. Mkanganowo umauthetsa usanabadwe. Munthu akadziwa kuti lipoti likupita kwa abwana, amasankha yekha zoti anene. Ukamubisira, ndiye kuti wamutchera msampha, ngakhale cholinga chako chinali chabwino. Ndipo kampani ikakukakamiza zosemphana ndi malamulowa, gawo 1.03 likuti uwauze poyera kuti pali kusemphana, osangoti "ndatumidwa".

Zimenezi ndazimvetsa chifukwa cha sewero. Pagulu lathu la ophunzira mmodzi amakhala bwana, wina wantchito, wina katswiri, ndiye bwanayo amakupanikiza mpaka thukuta. Ine ndikuti njira ina yophunzirira mutuwu palibe, manotsi ndi ongotayitsa nthawi. Aphunzitsi athu anangowerenga magawowa pa pulojekita n'kudumphira mutu wina, ati nthawi yatha. Nthawi yake iti? Ife timaweruka 5 koloko, kulimbana ndi minibasi za ku Area 25, kufika kunyumba magetsi azima, mayeso ali pakhomo.

Pamene sindinafikepo ndi gawo 3.05, la kukhala pa ubale wina ndi munthu amene ukumuthandiza. Malamulowo akuvomereza kuti si ubale uliwonse umene uli wolakwika, koma umene ungasokoneze kaganizidwe kako kapena kupweteka munthuyo. Chabwino. Nanga kuno ku Lilongwe, kumene wantchitoyo mumapemphera naye mpingo umodzi, bwana wake ndi alamu anu, ndipo Loweruka nonse mukakumana pamaliro ku Kawale? Ukakana onse amene ukuwadziwa, utsala ndi ndani? Malire ake sindikuwaona bwinobwino, ndipo ndikukayika ngati sewero lathu lija lingatithandize pamenepa.