Piritsi la m'mawa lisunge m'thumba mpaka atenge magazi

Mlongo wanga ali ndi khunyu, amamwa carbamazepine m'mawa ndi madzulo. Mwezi watha anangoyamba kudzandira ngati wagwa mu kachasu, ati kapu imodzi akuiona ziwiri. Adokotala kuno ku Salima anati mwina mankhwala achuluka m'magazi, tikayezetse ku Lilongwe. Anatilembera kalata, basi. Za nthawi yomwera sanatchule ngakhale liwu limodzi.

Tinadzuka mbandakucha, ndinamupatsa piritsi lake ndi tiyi monga masiku onse, kabaza mpaka pa Kamuzu Road, kenako minibasi ija yodikira kudzaza ngati ikudikira mvula. Makilomita pafupifupi 100 amenewo, iye atatsamira paphewa panga. Ku labu mzere, kulipira, risiti m'manja. Mnyamata wa gauni loyera atamanga kale kalamba pamkono ndi pomwe anafunsa kuti, "Amayi, mankhwala amwa liti komaliza?"

"Lero, cha m'ma 5."

Anamasula kalamba kaja osanena kanthu, kenako nkuti tibwerenso tsiku lina asanamwe. Ndinamva magazi kuwira. Funso lomweli likanafunsidwa pawindo lolipira paja, kapena kuno kwathu, bwenzi ndalama ya minibasi ya anthu awiri, kupita ndi kubwerera, ili m'chikwama. Tsiku lonse linapita, nsomba zanga zili pathandala ku Senga Bay, mwana wa mnansi akupirikitsa akhwangwala.

Poti mnyamata wa ku labu uja anandifotokozera bwino, ndimukhululukira pang'ono. Munthu akameza piritsi, mankhwala amakwera m'magazi kwa maola angapo kenako nkuyamba kutsika pamene chiwindi chikuwaphwanya. A ku labu amafuna kuyeza pomwe atsikitsitsa, nthawi yomwera ina itangotsala pang'ono. Kwa carbamazepine amayang'ana pakati pa 4 ndi 12 mg pa lita imodzi ya magazi. Ukayeza atangomwa, nambalayo imanama.

Ndiye tsiku lokayezetsa, piritsi la m'mawa musamupatse. Osati kusiyiratu, ayi, wakhunyu salumpha mankhwala. Likulungeni pakapepala, amwere pomwepo singano ikangotuluka. Lembaninso nthawi yomwe anamwa madzulo, adzafunsa, ndipo "cha kumadzulo" sayankho.

Ndaiwala china. Ulendo wachiwiri ndinatenga timapepala tonse ta mankhwala m'nyumba pamodzi ndi kabuku kakuchipatala, ndipo ndi momwe chinsinsi chinaululikira. Anali akumwa erythromycin wa chifuwa yemwe ndinamugulira ndekha, osauza adokotala. Ameneyo amatsekereza chiwindi kuti chisaphwanye carbamazepine, ndiye amangounjikana. Apa mlandu ndi wanga, ndavomera.

Musakopenso mlingo wa mnzanu. Mwana thupi lake limatulutsa mankhwalawa msanga, agogo mochedwa, mayi woyembekezera zake ndi zina. Amene ali pa ma ARV anene poyera, chifukwa carbamazepine amachepetsa dolutegravir, mmodzi mwa ma ARV, m'magazi. Ndipo ngati angoyamba kumene kapena angomusinthira mlingo, amati papite masabata angapo kaye mankhwala akhazikike asanayeze magazi.

Zotsatira zinadutsa 12. Erythromycin uja adokotala anamuletsa, patapita masiku ochepa kapu inabwerera kukhala imodzi. Akuti tidzayezenso. Piritsi la tsiku limenelo ndidzalimanga pansonga ya chitenje, ndipo minibasi ndidzakwera yoyamba.