Kuchokera ku Paris mpaka ku Lyon ndi mneni mmodzi wa Chifalansa

Sitima zopita kummwera chakummawa kwa dziko la France zimanyamukira pa Gare de Lyon mumzinda wa Paris, ndipo munthu amene wafika pasiteshoni imeneyi nthawi idakalipo amamva chilengezo cha sitima yake kawiri, m'njira ziwiri zosiyana. Poyamba, anthu akadali chiimire kuyang'ana pabolodi lalikulu la nthawi, zokuzira mawu zimanena kuti sitima yopita ku Lyon "partira" panjanji yakutiyakuti, kutanthauza kuti idzanyamukira pamenepo nthawi yake ikakwana. Kenaka, onse atakwera ndipo katundu waikidwa m'malo mwake, mawu aja amabweranso koma atasintha: sitima "va partir", kutanthauza kuti yatsala pang'ono kunyamuka, ndipo amachenjeza kuti zitseko zitsekeka zokha. Chilengezo chachiwirichi n'chimene chimathamangitsa ochedwa. Mawu awiriwa, "va partir", ndi chitsanzo cha nthawi ya mneni imene Afalansa amaitcha futur proche, tsogolo lapafupi, ndipo paulendo wanga wonse palibe kalankhulidwe kamene ndinakamva kawirikawiri kuposa kameneka.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Munthu amatenga mneni aller, amene tanthauzo lake ndi kupita, n'kumusintha mogwirizana ndi wochita ntchitoyo, kenaka n'kuikapo mneni wachiwiri monga mmene walembedwera mumtanthauziramawu, osamukhudza ngakhale pang'ono. Maonekedwe a aller alipo asanu ndi limodzi: je vais, tu vas, il va (chimodzimodzi elle va ndi on va), nous allons, vous allez, ndi ils vont kapena elles vont. Amene waloweza amenewa angathe kunena je vais manger, ndidya. Nous allons attendre, tidikira. Ils vont venir, abwera. Ubwino wake umaonekera kwambiri pa aneni ovuta monga être, avoir, faire ndi voir, amene m'nthawi ina yam'tsogolo, ya futur simple, amasintha tsinde lonse n'kukhala serai, aurai, ferai ndi verrai. Mu futur proche aneni onsewa amangokhala mmene alili, ndipo mtolo wonse amausenza aller.

Njanji ya sitima zothamanga za TGV pakati pa Paris ndi Lyon inatsegulidwa mu 1981, ndipo ulendo wake ndi wa maola pafupifupi awiri, sitima ikuthamanga mpaka makilomita 300 pa ola kudutsa minda ndi timidzi ta m'chigawo cha Bourgogne. Ndinakhala moyandikana ndi bambo wina wachikulire amene ataona kabuku kanga ka Chifalansa anandifunsa mwaulemu kuti, "Vous allez rester longtemps à Lyon ?", kufuna kudziwa ngati ndikakhalitse kumeneko. Anagwiritsa ntchito vous chifukwa sitinkadziwana, monga mmene ife timanenera inu kwa mlendo kapena wamkulu, pamene tu amasungira mwana, mnzako kapena wachibale. Kuchokera kwa iwo ndinamvetsetsa bwino katchulidwe, kamene m'buku sikaoneka. Chilembo s cha kumapeto kwa vais ndi vas sichitchulidwa, t wa vont nayenso satchulidwa, koma mu nous allons ndi vous allez chilembo s cha nous ndi vous chimadzuka n'kumveka ngati z, kulumikiza mawu awiriwo kukhala amodzi. Ndinaonanso kuti polankhula za iwo ndi akazi awo sankanena nous allons, ankangoti on va, ndipo pambuyo pake ndinapeza kuti umu ndi mmene pafupifupi aliyense amalankhulira pocheza. Nous allons ndinkaimva kwambiri kwa olengeza ndi kwa otsogolera alendo.

Lyon ndi mzinda wa mitsinje iwiri, Rhône ndi Saône, imene imakumana chakummwera kwa mzindawo. Aroma anaukhazikitsa m'chaka cha 43 Yesu asanabadwe n'kuutcha Lugdunum, ndipo mabwalo awo a zisudzo akadalipo paphiri la Fourvière, pafupi ndi tchalitchi chachikulu chimene ntchito yochimanga inayamba mu 1872. Pali kasitima kokokedwa ndi chingwe kamene kamakweza anthu paphiripo kuchokera ku Vieux Lyon, dera lakale la mzindawu, koma potsika ndinasankha kuyenda pansi, kutsata masitepe otsetsereka amene amadutsa pakati pa nyumba zakale. Patsogolo panga panali mayi ndi kamnyamata kake kamene kankalumpha masitepe awiriawiri, ndipo mayiyo anakuwa kuti, "Attention, tu vas tomber !" Ankatanthauza kuti samala, ugwa. Sanali kulosera za tsiku lina. Ankaona phazi la mwanayo likutera m'mphepete mwa sitepe, ndipo kugwako kunali kutayamba kale m'maso mwake. Titafika kumunsi, mitambo itada kumadzulo, wogulitsa mapositikhadi anayang'ana kumwamba n'kunena kuti, "Il va pleuvoir", kugwa mvula, uku akulowetsa katundu wake m'sitolo.

Apa m'pamene ndimaona kuti dzina loti "proche", kutanthauza pafupi, limasocheretsa ophunzira ambiri, chifukwa amaganiza kuti nkhani yagona pa wotchi, kuti chinthucho chichitike m'mphindi zochepa. Chimene chimachititsa Mfalansa kusankha va ndi chakuti chochitikacho chili ndi mizu yake m'nthawi ino: pali chizindikiro chooneka, monga mitambo ija, kapena munthu watsimikiza kale mumtima. Mtsikana amene ankagwira ntchito pamalo amene ndinkagona anandiuza mosangalala kuti, "Je vais me marier l'année prochaine", akwatiwa chaka chamawa. Chaka chamawa si pafupi, koma chinkhoswe chinali chitachitika ndipo mphete inali kuchala, choncho kwa iye ukwatiwo unali utayambika.

Malo odyera a chikhalidwe cha ku Lyon amatchedwa bouchon. Ndi tizipinda tating'ono, matebulo ali mothinana, ndipo zakudya zake n'zolemera: masoseji, zam'mimba, saladi wokhala ndi dzira ndi tinyama tankhumba, komanso quenelle, chakudya chofewa chopangidwa ndi ufa, mazira ndi nsomba yopera, chimene amachiphika mumsuzi. Woperekera zakudya amafika ndi funso limodzi lofuna kudziwa chimene mudye, "Qu'est-ce que vous allez prendre ?", ndipo yankho limene ndinamva patebulo lililonse linali "Je vais prendre", nditenga, kenaka dzina la chakudya. Kunena "je veux", ndikufuna, kumamveka ngati kulamula. Pamenepa ndinaphunziraponso malo a mlowam'malo. Woperekerayo atanditchulira keke yofiira ya praline, imene anthu a ku Lyon amanyadira, mayi wa patebulo loyandikana nalo anati, "Moi, je vais la prendre." Kamawu koimira kekeyo, la, kamakhala pakati pa aller ndi mneni wachiwiri, osati patsogolo pa aller. Lamulo lomweli ndi limene limapereka je vais me lever, ndidzuka, ndi on va y aller, tiyeni tizipita, mawu amene anthu amanena akamaimirira patebulo. Pokana, ne ndi pas amazinga aller yekha: je ne vais pas sortir, sindituluka. Pocheza ne uja amamezedwa, ndipo khutu limangomva "je vais pas", mwinanso "j'vais pas", koma polemba kalata kapena mayeso ayenera kukhalapo.

Kwa ife olankhula Chichewa, kusiyanitsa tsogolo pawiri si chinthu chachilendo. Timati ndipita mawa tikamanena chinthu chimene chakonzeka, ndipo timati ndidzapita tikachikankhira patali. Tilinso ndi ka wa mu ndikagula, amene amasonyeza kuti munthu achita kupita kuti akachite chinthucho. Kusiyana kwake n'kwakuti va wa Chifalansa anasiya kalekale kutanthauza kuyenda ndi miyendo, n'chifukwa chake munthu angathe kunena je vais rester ici, ndikhala pompano, kapenanso je vais aller, kubwereza mneni yemweyo kawiri popanda wina kudabwa. Ndimakhulupirira kuti aphunzitsi a Chifalansa m'masukulu a sekondale kwathu angapindule atayambira pa kufanana kumeneku, m'malo modutsira m'chinenero chachitatu.

Sindikunena kuti futur simple ndi wosafunika. Nyuzipepala, zolengeza za boma, malonjezo ndi ndondomeko za maulendo zimadalira iyeyo, ndipo pali malo ena amene chinenero chimamufuna, makamaka pambuyo pa quand pokamba za m'tsogolo: quand j'arriverai, je t'appellerai, ndikadzafika ndidzakuimbira. Ndinazimva zonse ziwiri pamodzi paphiri lina la mzindawu, la Croix-Rousse, kumene kunkakhala amisiri oluka silika otchedwa canuts, amene anaukira mabwana awo mu 1831 chifukwa cha malipiro ochepa. Nyumba za kumeneko zili ndi madenga aatali ndi mawindo akuluakulu, chifukwa makina olukira a Jacquard ankafuna malo okwera komanso kuwala. M'kasitolo kena ka mipango ya silika, mwini wake anandifotokozera za chikondwerero cha magetsi cha Fête des Lumières, chimene chinayamba pa 8 Disembala 1852 pamene anthu anayatsa makandulo m'mawindo polemekeza Maria. Anati, "Quand vous reviendrez en décembre, vous verrez", mukadzabweranso mu Disembala mudzaona, ndipo apa anagwiritsa ntchito futur simple chifukwa kubwerera kwanga kunali kongoyerekeza, kopanda tikiti kapena tsiku. Atangomaliza anayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Excusez-moi, on va fermer", pepani, tikutseka, popeza nthawi ya chakudya chamasana inali itakwana ndipo masitolo ang'onoang'ono ambiri kumeneko amatseka masana.