Mawu a Daymé Arocena anandipeza mumdima

Magetsi anali atazima, foni yokha ndiyo ikuwala m'nyumba, pamene mng'ono wanga ananditumizira kanema wa 2016 wa Daymé Arocena akuimba pa Tiny Desk, pulogalamu ya nyimbo ya wailesi ya NPR ya ku America. Anangolemba kuti, "Achemwali, mumvereni uyu." Ndinaona mtsikana wakuda, wovala zoyera, akuseka chikhakhali ngati ali pakhonde la kwawo. Atatsegula pakamwa ndinaiwala kuti nsima ikuzizira.

Daymé anabadwa mu 1992 ku Havana, m'dziko la Cuba, ndipo anakulira ku Santos Suárez, dera lomwenso kunachokera Celia Cruz, woimba wotchuka wa nyimbo za salsa. Kusukulu ya nyimbo ya Amadeo Roldán anaphunzira kutsogolera kwaya, maphunziro otsamira pa nyimbo za ku Ulaya. Pakhomo panali zina: rumba ya ku Cuba, ndi nyimbo za Santería, chipembedzo chimene mizu yake inawoloka nyanja ndi Ayoruba ogwidwa ukapolo. Zoyera ankavalazo n'za chipembedzo chimenecho.

Apa ndi pamene pamandikhudza. Ndaimba alto m'kwaya kuyambira ndili mtsikana, ndipo ndinakula ndikudziwa kuti pali mawu a m'tchalitchi ndi mawu a kumtondo, ndipo awiriwa sakhalira mphasa imodzi. Daymé sasankha. M'nyimbo imodzi amayamba ndi kuitana Yemayá, mzimu wa nyanja, ng'oma za batá zikuyankha, kenako n'kulowa mu jazi, mawu akukwera ndi kutsika mosaphonya ngati munthu amene anaphunziradi manotsi. Sumva msoko. Ndayesapo kutsatira mpweya wake ndili kukhitchini, ndipo ndaona kuti pamene ine ndimapumira iye amakhala akuyamba kumene.

Gilles Peterson, DJ wa ku London, ndiye anatulutsa chimbale chake Nueva Era mu 2015, kenako Cubafonía mu 2017.

Mu 2024, atasamukira ku Puerto Rico, anatulutsa Alkemi mothandizana ndi Eduardo Cabra wa gulu loimba la Calle 13 la komweko. Chimbalechi n'cha pop ndi R&B, ndipo poyamba mtima wanga unakana, ndinkafuna Daymé wa zoyera uja. Koma iye wakhala akunena poyera kuti nyimbo za pop za ku Latin America sizipereka malo kwa akazi akuda, ngakhale kuti ng'oma zimene zimavinitsa anthuwo n'za makolo awo. Nditamvetseranso, ndinapeza kuti mawu ndi omwe aja, angolowa pakhomo limene ankauzidwa kuti si lake.

Loweruka likubwerali ndikapita kokonzekera kwaya ndi foni yodzaza moto, anzanga a alto akamumve.