Mayi Bennet ndi lole ija

Lachiwiri usiku, nthawi yapita koma tulo sitikubwera.

Chaka chilichonse mvula ikayamba ndimabwereza Pride and Prejudice ya BBC ya 1995, sewero la pa TV lija la zigawo 6 lochokera m'buku la Jane Austen, ndili ndekha ndi kapu ya tiyi. Lero sizinatheke. Amayi aang'ono abwera kudzaonetsa maso kuchipatala, agona kuno sabata yonse, ndiye atangomva nyimbo yoyambira anakoka mpando, lichero la mtedza pamwendo, nkuti, "Iwe, uzindimasulira."

Ndinawauza mwachidule: banja la a Bennet lili ndi ana aakazi asanu, wamwamuna palibe. Bambo akadzamwalira nyumba ya Longbourn ndi minda yake zidzapita kwa mbale wawo, m'busa Collins, chifukwa malowo anawamanga kalekale kuti azilowa mwamuna yekha. Ndinazinena mothamanga ngati nkhani yongodutsa, mtima uli pa Colin Firth, amene amasewera ngati Darcy, mnyamata wolemera wa m'nkhaniyi.

Kenako Alison Steadman, amene amasewera ngati Mayi Bennet, anayamba kukuwa kwake kuja, akudandaula kuti palibe amene amawamvera chisoni. Ndinaseka monga mwa masiku onse. Amayi anasiya kusenda.

"Ukuseka chiyani?"

"Si mayiwa, Amayi. Phokoso."

"M'nyumba monsemo amene akuganiza za mawa ndi mayiyu yekha. Bambowo ndawaona, angodzitsekera ndi mabuku. Akafa, anawa akagona kuti?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Ndinali wamng'ono pamene bambo aang'ono anamwalira, koma lole ndimaikumbukira. Inabwera tsiku lachitatu chiikire maliro. Achibale a kuchimuna anakweza mipando, wailesi, njinga, mpaka makina osokera omwe Amayi anagula ndi ndalama zawo za zitumbuwa. Amayi anakhala pakhonde osalankhula, chitenje chili pakamwa. Sanaitchule nkhaniyi lero. Ine ndi amene yandikhala pakhosi.

Chomwe chandikwiyitsa kwambiri n'choti zaka zonsezi ndakhala ndikunyoza filimu ya nkhani yomweyi ya 2005, yomwe anaitsogolera Joe Wright. Ndimati anaipotoza. Nkhumba ikudutsa m'nyumba ya anthu olemekezeka! Darcy akufunsira Elizabeth, mwana wachiwiri wa a Bennet, mvula ili pamutu, pomwe m'buku anafunsira m'chipinda kunyumba ya abusa ku Hunsford. Komatu mu ya 1995, zoti Darcy anadumphira m'nyanja kwawo ku Pemberley nkutuluka malaya atanyowa, nazonso m'buku mulibe, anazionjezera ndi wolemba seweroli, Andrew Davies, ndipo zimenezo sindinadandaulepo ngakhale tsiku limodzi. Tsankho langa ndaliona lero.

Ndipo ndikaganiza bwino, Mayi Bennet a Brenda Blethyn mu 2005 ndi munthu weniweni. Amalankhulitsa, inde, amachititsa manyazi, koma mantha amaoneka pankhope. Momwemonso Charlotte Lucas, pouza mnzake Elizabeth kuti wavomera Collins, amanena poyera kuti ali ndi zaka 27, alibe chuma ndipo wasanduka katundu kwa makolo. Ya 1995 imatsata buku bwino, mawu ake ndi okoma, Jennifer Ehle, wosewera ngati Elizabeth, maso ake amaseka okha, koma mayi uja anamusandutsa choseketsa cha pabwalo. Mwina Jane Austen mwiniwake ndiye anayamba, pakuti m'buku la 1813 lija sawachitira chifundo kwenikweni. Zimandidabwitsa, chifukwa vutoli ankalidziwa. Bambo ake atamwalira mu 1805, iye, mayi ake ndi mkulu wake Cassandra anayendayenda modalira alongo awo mpaka mlongo wake Edward atawapatsa kanyumba ku Chawton mu 1809.

Mutu ukundiwawa. Mwina ndi tiyi wachitatu uja.

Tinafika pomwe Collins akufunsira Elizabeth nkukanidwa. Pamenepa ine ndimaomba m'manja nthawi zonse. Amayi anapukusa mutu. "Wakana nyumba yakwawo yomwe." Ndinati mwamunayo ndi wotopetsa, Amayi, simukumuona? Anati, "Ndamuona. Kutopetsa sikupha." Kenako anaseka pang'ono, kuseka komwe sindinakumvetse, nkunena kuti komabe mtsikanayo ali ndi mtima, amukonda.

Sindinawauze kuti kutsogoloku Elizabeth akwatiwa ndi Darcy wa mapaundi 10,000 pachaka, nkhawa yonse ya nyumba nkutha yokha. Ndinatsegula pakamwa kawiri konse koma mawu anakana. Ndimaopa kuti andifunsa kuti nanga akanapanda kubwera wolemerayo zikanatha bwanji.

Akuti mawa tikachoka kuchipatala tipitirize, ngati mankhwala a m'maso awalole kuona. Ndikuwamva akutsokomola kuchipinda. Makoko a mtedza alowa pakati pa mabatani a laputopu, chilembo cha "a" chikuvuta kudina.